Nsomba ya Holland ndi ng'ona ya ku Kiel

Pali sitima ziwiri zakale zimene zandilanda mtima, moti anzanga ayamba kundizemba chifukwa nkhani iliyonse, ngakhale ya mpira, ndikumaikhotetsera komweko. Yoyamba ndi USS Holland, imene asilikali apamadzi a ku America anagula mu 1900. Yachiwiri ndi U-1, imene asilikali apamadzi a ku Germany analandira mu 1906. Zonsezi ndi sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi, ndipo iliyonse ndi nambala 1 m'kaundula wa sitima zotere m'dziko lake.

Ndine mlendo m'nkhani zimenezi. Chimene chinandikola ndi zojambula zoonetsa m'mimba mwa sitima ziwirizi zitayalidwa pamodzi. Nyengo yake ndi imodzi, ntchito yake ndi imodzi, chida chake chachikulu n'chimodzinso: iliyonse inali ndi mpope umodzi woponyera torpedo, bomba lija lodziyendera lokha m'madzi, ndipo iliyonse inkanyamula mabomba oterewa atatu. Koma matupi ake, abale! Ya ku America ndi yaifupi, yonenepa pakati, yosongoka kumutu ndi kumchira. Ya ku Germany ndi yaitali, yowonda, yooneka ngati sitima wamba imene yangolemedwa n'kuzama pang'ono. Anthu olimbana ndi vuto limodzi anasiyana pati? Kufunafuna yankho la funso limeneli ndi kumene kwandigwetsa m'chikondi.

Makolo ake ankayendera thukuta

Asanabadwe awiriwa, mayiko onse awiri anali atayesapo kale, ndipo kuyesako kunali kwa thukuta ndi misozi. Mu 1775, pa nkhondo imene America ankamenyera ufulu wake kwa Britain, David Bushnell anapanga kasitima kamatabwa kotchedwa Turtle, kolowa munthu mmodzi wopukusa yekha zopalasira. Mu 1776 msilikali wina, Ezra Lee, anapita nako usiku kunsi kwa sitima ya Britain ya HMS Eagle padoko la New York kuti akamangirire bomba, koma chobowolera chake chinakana kulowa, ndipo anabwerako chimanjamanja.

Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, a chigawo chakumwera anapanga H. L. Hunley, chitsulo cha mamita pafupifupi 12, chimene amuna 7 ankakhala mondondozana n'kumapukusa mkombero umodzi, wachisanu ndi chitatu akuwongolera. Pa 17 Febuluwale 1864 inamiza USS Housatonic kufupi ndi Charleston, ndipo inakhala sitima yoyamba ya pansi pa madzi kumiza sitima yankhondo. Koma nayonso sinabwerere. Inali itamirapo kale kawiri poyeserera. Mukawerengera, inapha eni ake 21 pamene adani inapha 5 okha.

Ya ku Germany ndiyo inandiimitsa tsitsi. Mu 1850, sitima za Denmark zitatseka doko la Kiel, msilikali wa ku Bavaria dzina lake Wilhelm Bauer anapanga Brandtaucher, ya mamita pafupifupi 8, yoyenda ndi mawilo opondaponda amuna awiri. Ndalama zitachepa, malata a thupi lake anawapyapyalitsa, ndipo matanki osungira madzi omizira anawasiya, n'kumangolola madziwo kulowa kunsi kwa pansi popondapo. Pa 1 Febuluwale 1851, akuyesa kumira, madzi aja anathamangira kumbuyo onse, sitima inapendekeka n'kukagwa pansi pa doko, makoma akuphwanyika. Chitseko sichikanatseguka chifukwa madzi akunja ankachikanikiza. Bauer anauza anzake awiri chinthu chimene munthu wamantha sangachimve: adikire madzi alowe ndithu, apanikize mpweya wotsala mkatimo mpaka mphamvu yake ifanane ndi ya kunja. Anadikira kwa maola ambiri mumdima, madzi akukwera. Kenako chitseko chinatseguka, ndipo onse atatu anakankhidwira pamwamba ali amoyo. Sitimayo anaivuula mu 1887, ndipo lero ili m'nyumba yosungira zinthu zakale zankhondo ku Dresden.

Makolo amenewa anasiya mafunso awiri. Kodi mphamvu yoyendetsera sitima kumene kulibe mpweya ichokera kuti? Nanga madzi amene waalowetsa dala kuti umire, uwaletsa bwanji kukugubuduza?

Mphunzitsi wa ku Ireland

Amene anayankha bwino kwambiri sanali msilikali. John Philip Holland anabadwira ku Ireland mu 1841, anali mphunzitsi, ndipo anasamukira ku America mu 1873 n'kukaphunzitsa ku Paterson, m'chigawo cha New Jersey. Ndalama zake zoyamba zinachokera kwa a Fenian, gulu la anthu a ku Ireland ofuna kuthamangitsa Britain m'dziko mwawo, ndipo n'zimene anapangira Fenian Ram mu 1881. Koma taonani mmene dziko limazungulirira: sitima zoyamba za pansi pa madzi za Britain yemweyo, zimene kampani ya Vickers inayamba kupanga mu 1901, zinali za pulani ya Holland.

Sitima yake yachisanu ndi chimodzi inalowa m'madzi mu 1897 ku Elizabeth, New Jersey. Boma linaigula pa 11 Epulo 1900 pa mtengo wa madola 150,000. Inali ya mamita 16, yolemera matani 64 ikakhala pamwamba. Funso la mphamvu Holland analiyankha ndi zinthu ziwiri. Pamwamba pa madzi inkayenda ndi injini ya petulo ya mahosipawa 45, imene inkatchajanso mabatire. Ikamira, injini ankaizimitsa, mota yamagetsi n'kutenga ntchito, chifukwa mota sipuma mpweya ndipo situlutsa utsi. Mpaka lero sitima za pansi pa madzi zosagwiritsa mphamvu ya nyukiliya zikuyendera nzeru imeneyi, kungoti petulo analowedwa m'malo ndi dizilo.

Funso lachiwiri ndi limene linandichititsa kuwomba m'manja ndili ndekha. Holland anaumirira kuti matanki akuluakulu omizira azikhala odzaza ndendende sitima ikamira, kuti madzi asapeze mpata wothamangira uku ndi uku monga anachitira kwa Bauer. Bomba likaponyedwa, madzi olemera mofanana nalo ankalowa m'malo mwake, kuti mutu wa sitima usapepuke. Ndipo ngakhale matanki atadzaza, sitimayo ankaisiya yopepukirapo pang'ono kuposa madzi. Sinkamira chifukwa cholemera ayi. Inkamira chifukwa ikuyenda, zipsepse zakumchira zikuiweramitsa mutu, n'kulowa m'madzi chozyolika. Mota ikafa, sitima inkayenera kuyandama yokha. Munthu uyu anaika chipulumutso m'kapangidwe kenikeniko.

Thupi lake linali limodzi, lobulungira, matanki onse ali mkati, chopalasira chimodzi kumchira kwenikweni. Zonse zinaganiziridwa kuti ziziyenda bwino pansi pa madzi. Mtengo wake unali wakuti pamwamba inkavutika. Inalibe malo enieni oyendapo anthu, mafunde ankaikuta, ndipo liwiro lake linali pafupifupi makilomita 11 pa ola. Inalibenso periscope, chitoliro chamagalasi choonera kunja uli pansi, choncho woyendetsa ankaitulutsa mutu pang'ono, n'kusuzumira pa timawindo, n'kumiranso. Inali ya kulondera doko, osati ya ulendo.

Ndiye panali petulo. M'chitsulo chotsekeka, fungo lake linkaledzeretsa anthu, ndipo kamoto kakang'ono ka magetsi kanali kokwanira kuphulitsa zonse. M'sitima za mtundu wa Holland za ku Britain ankasunga mbewa zoyera m'kakhola, kuti zikayamba kufooka anthu adziwe kuti mpweya waipa. N'chifukwa chake zinali nkhani yaikulu pamene pulezidenti wa America Theodore Roosevelt anamira nawo m'sitima ya Plunger mu 1905, ndipo atatuluka anawonjezera malipiro a asilikali ogwira ntchito m'sitima zimenezi.

Holland anali ndi mnzake wopikisana naye, Simon Lake, amene maganizo ake ndimawakonda chifukwa cha kusaopa kwake. Argonaut yake ya mu 1897 inali ndi mawilo oyendera pansi penipeni pa nyanja. Inalinso ndi kachipinda kopopera mpweya wambiri, moti ankatsegula chitseko chakunsi madzi osalowa, munthu n'kutuluka kukayenda pamchenga. Lake sankafuna zozyolika. Zake zinkamira zili chigonere, mutu ndi mchira zili mulingo umodzi. Asilikali a kwawo ku America atazengereza kugula Protector yake, anakaigulitsa ku Russia mu 1904.

Amene anadikira

Nthawi yonseyi Germany anali phee. Alfred von Tirpitz, mkulu woyang'anira za asilikali apamadzi, mtima wake unali pa zisitima zikuluzikulu zamizinga zopikisana ndi za Britain. Sankafuna kutaya ndalama pa tisitima tongozungulira pakhomo. Kwa iye, chida chosatha kukafika kumene kuli mdani chinali chopanda ntchito.

Amene anayamba ndi amalonda. Kampani ya Krupp, pamalo ake opangira sitima a Germaniawerft ku Kiel, inapanga ndi ndalama zake kasitima kamagetsi okhaokha kotchedwa Forelle, motsatira pulani ya injiniya wa ku Spain, Raimundo Lorenzo d'Equevilley. Mu 1904, nkhondo ya Russia ndi Japan itabuka, msika unatentha. Russia anatenga Forelle n'kuitanitsa zina zitatu zazikulupo kwa Krupp, pamene Japan anagula zisanu za mtundu wa Holland. Zinali zochititsa manyazi kuti fakitale ya ku Kiel izipangira alendo chida chimene eni dziko alibe, ndipo chaka chomwecho asilikali apamadzi a Germany anaitanitsa yawo.

U-1 inayamba ntchito pa 14 Disembala 1906. Inali ya mamita 42, yolemera matani 238 pamwamba, kuposa katatu kulemera kwa Holland. Chinsinsi chake n'chakuti inali ndi matupi awiri, lina mkati mwa linzake. Lamkati linali lolimba, lobulungira, lopirira kukanikiza kwa madzi, ndipo ndi mmene munkakhala anthu ndi makina. Lakunja linali lopepuka, loumbidwa ngati sitima wamba yong'amba mafunde. Mpata wa pakati pa awiriwa ndi umene unkasunga madzi omizira ndi mafuta. Nzeru imeneyi anayamba nayo ndi Maxime Laubeuf wa ku France pa sitima yake ya Narval mu 1899. Phindu lake n'loonekeratu: matanki akachoka mkati, anthu amapeza malo; akakhala akuluakulu, sitima imayandama pamwamba ndithu ikawakhuthula; mafuta akachuluka, ulendo umatalika. U-1 inali ndi injini ziwiri ndi zopalasira ziwiri, inkathamanga makilomita 20 pa ola pamwamba, ndipo inkatha kuyenda pafupifupi makilomita 2,800 osamwetsanso. Choipa chake n'chakuti matanki aakulu amachedwa kudzaza, choncho kumira kunkatenga nthawi.

Apa m'pamene ndinaona kusiyana kwenikweni. Holland anapanga nsomba: kwawo ndi pansi, pamwamba imangobwera mokakamizika. A ku Kiel anapanga ng'ona: imayandama, imayenda mtunda wautali ikuona zonse, ndipo imamira pokhapokha ikafuna kubisala kapena kugwira. Wina anafunsa kuti, ndimira bwanji bwino? Winayo anafunsa kuti, ndikafika bwanji kutali n'kubwerako?

Pa nkhani ya mafuta, a ku Germany anakaniratu petulo. Injini za dizilo zoyenera zinali zisanapse, choncho anasankha injini za Körting zoyendera palafini, amene sayaka msanga ngati petulo. Injinizi zinali ndi zovuta zake. Sizinkatha kubwerera m'mbuyo, zinkasokosa, ndipo zinkafuka chiutsi choyera chooneka kutali, chotulukira pa chumuni chachitali chimene ankayenera kuchigoneka asanamire. Tangoganizani, chida chobisalira chimene chikudziulula chokha ndi utsi! Komabe anasankha kuonedwa kusiyana ndi kupsa. Dizilo anafika mu 1913 ndi U-19, ya injini za kampani ya MAN. America anali atayamba kale dizilo mu 1912 pa sitima za gulu la E, koma injini zake zinkafa pafupipafupi. Mu 1913 anatumiza msilikali wachinyamata amene anayendetsapo E-1, Chester Nimitz, kukaphunzira za injini za dizilo ku Nuremberg ndi ku Ghent. Nimitz yemweyu ndi amene anadzatsogolera asilikali apamadzi a America panyanja ya Pacific pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse.

Chinanso chondisangalatsa n'chakuti mbendera zimanama. Sitima ya America inaganizidwa ndi mphunzitsi wa ku Ireland, ndipo injini yake inali ya mtundu wa Otto, dzina la katswiri wa ku Germany. Ya Germany inatsata pulani za d'Equevilley, munthu wa ku Spain uja, wotengera nzeru za ku France. Chimene dziko lililonse linaikapo chakechake ndi funso limene linafunsa.

Mayeso a nkhondo

Nkhondo itayamba mu Ogasiti 1914, Germany anali ndi sitima za pansi pa madzi zosakwana 30, zochepa kwambiri poyerekeza ndi za Britain. Pa 5 Seputembala U-21 inamiza HMS Pathfinder. Pa 22 Seputembala U-9, imodzi mwa zofuka palafini zija, motsogozedwa ndi Otto Weddigen, inamiza zisitima zitatu za Britain, Aboukir, Hogue ndi Cressy, m'nthawi yongopitirira pang'ono ola limodzi, ndipo anthu oposa 1,400 anafa. Mu 1915 U-21 inachoka ku Germany, n'kuzungulira mpaka kunyanja ya Mediterranean, n'kukamiza Triumph ndi Majestic kufupi ndi Gallipoli. Mu Okutobala 1916 U-53 inawoloka Atlantic, n'kutulukira padoko la Newport ku Rhode Island, America asanalowe m'nkhondo. Akuluakulu a padokolo anakwera kukaiona, ndipo inanyamuka tsiku lomwelo osapempha ngakhale dontho la mafuta. M'mawa mwake inamiza sitima zamalonda zisanu kufupi ndi Nantucket, n'kubwerera kwawo.

America atalowa m'nkhondo mu 1917, anatumiza sitima zake ku Azores ndi ku Ireland. Kungowoloka nyanjako kunali chintchito, zina zikuchita kukokedwa, ndipo palibe sitima ya Germany imene inatsimikizika kuti zinaimiza. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Amene anatsogola ndi zaka 6 anapezeka kuti ali m'mbuyo. Nkhondo itatha, mu 1919, America analandira sitima 6 za Germany, ndipo akatswiri ake anazifufuza mpaka ku nati ndi bawuti, makamaka injini ndi magalasi oonera. Imodzi, UC-97, anaiyendetsa m'nyanja zikuluzikulu za m'kati mwa dziko kuti anthu aione, kenako anaimiza m'nyanja ya Michigan mu 1921. Sitima zazikulu zimene America anapanga pambuyo pake zinatengera zambiri kwa zimenezi.

Chikondi changachi chili ndi pobanika. Nzeru zokongola zimenezi zinali zophera. Pa 7 Meyi 1915 U-20 inamiza Lusitania, sitima yonyamula anthu wamba, ndipo anafa 1,198, ana ali momwemo. Matupi awiri aja, ndi mafuta ochuluka aja, ndi zimene zinachititsa kuti imfa ifike kutali chonchi. Holland sanazione. Anali atachoka mu kampani yopanga sitima zake ya Electric Boat mu 1904 atasemphana ndi eni ndalama, ndipo anamwalira pa 12 Ogasiti 1914, masabata ochepa U-9 isanaonetse dziko chimene chida chake chingachite.

Koma nkhani sinathere pomwepo, ndipo apa ndi pamene mtima wanga unakhazikika. Chimene chinkakakamiza sitima kukhala pamwamba chinali mpweya wa injini ndi kuchepa mphamvu kwa mabatire. Mphamvu ya nyukiliya itabwera ndi USS Nautilus m'zaka za m'ma 1950, sitima inatha kukhala pansi kwa milungu yambiri, ndipo thupi lopangidwira mafunde linasanduka cholemetsa. Mu 1953 America anaika m'madzi sitima yoyeserera ya Albacore, yobulungira, yonenepa kutsogolo, yosongoka kumchira, ya chopalasira pakati penipeni kumbuyo. Muike chithunzi chake pafupi ndi cha Holland ya mu 1897, muona kuti ndi gogo ndi mdzukulu. Sitima zambiri zamakono zimatsata maonekedwe amenewo.

USS Holland yeniyeniyo kulibenso, anaiphwanya n'kugulitsa zitsulo. Koma Fenian Ram ikusungidwa ku Paterson, Holland 1 ya Britain ili ku Gosport, Hunley anaivuula mu 2000 ndipo ili ku North Charleston, pamene U-1 ili ku Deutsches Museum ku Munich, ataidula m'mbali kuti m'mimba mwake muzioneka. Zithunzi ndi zojambula zake zilipo zambiri pa intaneti, ndipo amene muli ndi chidwi ndi makina muyambire pa ziwiri zija zimene zinandikola ine. Muyang'ane kumene kuli matanki, mkati kapena kunja, ndipo zina zonse zidzilongosola zokha.

Mukandifunsa kuti inapambana ndi iti, yankho langa ndi ili. Pa injini ndi mabatire a nthawi imeneyo, a ku Kiel ndi amene anaganiza molondola, ndipo nkhondo ya 1914 inawavomereza. Koma U-1 inali sitima yapamwamba yodziwa kumira. Sitima yeniyeni ya pansi pa madzi anaiganiza ndi mphunzitsi Holland, zaka zoposa 50 mphamvu yoyenera kuiyendetsa isanapezeke, ndipo pa ziwirizi ine voti yanga ndapereka kwa iye.